Waya Wachisanu wa Sitima ya Amalume

Kanali kabogi kakuda, kotalika pang'ono kuposa chikhatho changa, kosenza malasha abodza pamwamba, kutsogolo kwake kukulendewera timawaya ngati ndevu za mlamba. Ndikaganiza za nyengo yozizira imene ndinakhala ku Lawrence, kabogi kameneka ndi kamene kamayamba kufika m'mutu, kenako fungo. Ndipo ndineneretu tisanapite patali: amene anawotcha sitima ya amalume ndine. Si mawaya akale a nyumba ija monga abambo ena anagamulira, si Satana monga amayi ena akumpingo ananenera akuvala jekete. Ndine, ndi mano angawa. Ngati mukuyembekeza kuti ndigwetsa misozi, kokani mpando, mudikira.

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi. Tinkakhala ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, ine ndi amayi, m'kafulati ka zipinda ziwiri. Amayi ankasamalira odwala pachipatala cha m'tauni, ndipo nthawi zambiri ankapanga dabulo, kutanthauza kuti akamaliza shifiti imodzi ankangomwa madzi n'kuyamba ina. Ndinkawadziwira pa nsapato zawo zoyera pakhomo. Zikakhalapo ndiye kuti ali mtulo, ndisapange phokoso. Zikasowa ndiye kuti ndili ndekha, ndipange phokoso lililonse, womva palibe.

Kusukulu ndinali ndi mbiri. Anzanga enieni ndinalibe, koma oseka ndinali nawo ambiri, ndipo pa msinkhu umenewo kusiyana kwake sindinkakuona. Chakumayambiriro kwa Disembala ndinatenga usipa wouma umene azakhali anatitumizira kuchokera kumudzi, n'kuuthira m'bowo lotulutsa mpweya wotentha m'kalasi ya masamu. Pofika masana kalasi yonse inkanunkha ngati msika wa Limbe. Aphunzitsi, mzungu wamtali wofatsa, anayendayenda akununkhiza ngati galu wa apolisi, ana atatseka mphuno ndi malaya. Ine ndinakhala phee pampando, ndikupuma mozama. Linali tsiku loyamba kalasi imeneyo kununkhira kwathu. Anandigwira mosavuta, poti ndani winanso mu South Bend monse akanakhala ndi mamba a usipa m'thumba, ndipo anandiuza kuti ndikapume kunyumba mpaka sukulu idzatsegulirenso mu Januwale.

"Sindingakusiye wekha muno," amayi anatero. "Ndidzapeza phulusa lokhalokha."

Choncho ananditengera ku Indianapolis, kwa achimwene awo. Msewu wake ndi wowongoka ngati chingwe, mbali zonse minda ya chimanga yokololedwa kale, yoyera mbuu ndi sinowo. Amayi anayendetsa osalankhula. Chilango chawo chachikulu chinali chimenecho nthawi zonse, kukhala chete, ndipo ine ndinkachidzaza ndi kuimba chamumtima mokweza pang'ono mpaka atandiponyera diso.

Amalume ankachita lendi kanyumba kamatabwa ku Lawrence, m'mphepete mwa mzindawo, kufupi ndi pamene kale panali kampu ya asilikali. Kumeneko munthu wopanda galimoto ndi mkaidi. Kunalibe golosale pakona, kunalibe ana ochita phokoso panja, nyumba zinkangoyang'anizana zitatseka pakamwa. Amalume ankanyamuka kusanache kupita kuchipatala china chachikulu m'tauni, kumene ankatsuka zipangizo za madokotala ochita opaleshoni, ndipo ankabwera dzuwa litapendeka. Tsiku lonse ndinkatsala ndi firiji yolira, wailesi ya kanema, ndi zenera. Ndinafika podziwa nthawi imene galimoto ya positi imadutsa, ndipo ndinkaikwezera dzanja. Foni ya m'nyumba sinalirepo kufuna ine. Oseka anga a ku South Bend anali atapeza wina wowaseketsa.

Ndinayesa ndithu kusunga luso langa kuti lisachite dzimbiri. Ndinathira mchere m'botolo la shuga. Amalume anamwa tiyi yense osakwinya nkhope, n'kutsuka kapu. M'mawa mwake ndinaiwala, ndinamwa ndekha. Ndinamanga zingwe za nsapato zawo zakuntchito pamodzi. Anazimasula mumdima, osandidzutsa. Nthabwala yopanda woseka ndi chinthu chomvetsa chisoni kwambiri, ili ngati kuvina wekha kubafa.

Ndinkagona m'chipinda chopakidwa penti wa pinki, pa kabedi kakafupi koti mapazi ankatulukira kunja. Chinali chipinda cha mwana wawo wamkazi, amene anali asanachionepo. Iye ndi amayi ake anali ku Balaka, akudikira mapepala. Amalume anamusiya akukwawa, ndipo nthawi imeneyi ankatha kale kuwerenga. Makatani a timaluwa anali akadali ndi makwinya a m'paketi. Ine chimene ndinaonapo pa zonsezi n'chakuti bedi linali lalifupi.

Chuma cha amalume chinali m'chipinda cha kunsi kwa nyumba, ku besimenti. Pa tebulo lalikulu panali njanji yozungulira, kasiteshoni, timitengo, ndi sitima ziwiri zamagetsi zakalekale, zopangidwa amalumewo asanabadwe. Anazigula kwa mayi wina wamasiye amene ankagulitsa katundu wa malemu mwamuna wake pa kapinga, zili m'katoni, zadzimbiri, ndipo anazidzutsa okha pang'onopang'ono. Agogo anga aamuna ankagwira ntchito yosintha njanji pa Balaka, ndiye amalume anakulira m'phokoso la sitima. Yaikulu ankaitcha Nkhalamba, inayo Mng'ono. Zinali zolemera ngati mwala, zozizira m'manja, zonunkha mafuta a makina osokera. Ukadontheza timadzi tina m'chumuni mwake zinkatulutsa utsi woyera, puu puu puu, wonunkhira ngati mkungudza.

Madzulo aliwonse akangodya ankatsikira kumeneko, ine pambuyo, poti kunalibe kwina kopita. Ndi kumene anandiphunzitsa za tenda, kabogi kakuda kaja kamene kamatsatira injini. Pa sitima yeniyeni kamanyamula malasha ndi madzi. Pa sitima zimenezi kamanyamula nzeru. Mawilo ake achitsulo ndi amene amatola magetsi panjanji, ndipo mkati mwake muli kang'oma kamene kamatembenuka nthawi iliyonse ukadula magetsi n'kuwabwezera: kutsogolo, kuima, kumbuyo, kuima. Injini payokha ndi chitsiru, imangochita zimene tenda yanena kudzera m'timawaya tija. Tenda ya Nkhalamba inali ndi mawaya anayi, awiri opita ku mbali ya mota imene imazungulira, awiri opita ku koyilo, mpukutu wa waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi umene umakankha mbali inayo kuti izungulire. Ya Mng'ono inali ndi wachisanu, woyenda payekha pambali pa pulagi, wobweretsa magetsi molunjika kuti nyali ndi utsi zisazime ngakhale sitima itaima.

Kunja timabogi tiwirito tinali ngati mapasa. Manambala anali atafufutika, ndipo pulagi ya kena inkalowa bwinobwino kumbuyo kwa injini ya kanzake.

"Kulowa si kugwirizana," amalume ankatero, atakweza chala chakuda ndi girisi. "Tenda iliyonse ili ndi injini yake. Osasinthanitsa, wamva?"

"Mukasinthanitsa zimatani, malume?"

"Imasokonezeka mutu."

Anali munthu wanzeru, sindikana, koma apa analakwitsa. Nyani sumulozera kumene kuli nkhokwe. Ine nditangomva zosokonezeka mutu ndinaona kale Nkhalamba ikuthamanga chambuyo, mabogi akugubuduzika, anthu atagwira m'mimba ndi phwete. Chimene chinkasowa chinali anthuwo basi.

Anthuwo amalume anandibweretsera okha. Kutchalitchi kumene Amalawi a mu Indianapolis ankakumana, mapemphero akatha anthu ankaima m'timagulu pakhonde, mabanja akuitanirana chakudya chamasana. Amalume ankaima chapambali, makiyi ali m'manja. Ankalonjeredwa mwaulemu wonse, koma munthu wokwatira amene mkazi wake kulibe savuta kumuiwala. Kwa mabanja ndi bachala, kwa mabachala ndi mdala. Za mapepala anthu anali atasiya kufunsa, poti yankho silinkasintha. Tinkabwerera kunyumba awiriwiri, hita ya m'galimoto ikulira.

Ndiye chaka chimenecho anaganiza zoitanira anthu kwawo, tsiku lotsatira Khirisimasi, kuti ana adzaone sitima. Chilowereni m'nyumba imeneyo anali asanalandirepo alendo. Anandifotokozera mapulani awo tikukolopa, ngati mkulu wa asilikali.

"Ukakopa ana, makolo amabwera okha. Akabwera kamodzi, njira aidziwa. Ndiye amayi ake a mwana akadzafika, adzapeza nyumba yoti anthu amalowamo."

Anabwereka mipando yopinda kutchalitchi. Tinakweza njanji kuchokera ku besimenti n'kuiyala pabalaza, kuzungulira mtengo wa Khirisimasi wapulasitiki. Khirisimasi yeniyeniyo tinaidyera kukhitchini, awiri, maso akuwawa ndi anyezi, amayi ali pa dabulo ku South Bend. Anakazinga mandasi odzaza beseni ndi nkhuku zosawerengeka, anaphika mpunga m'poto wamkulu ngati wa paukwati. Anapukuta Nkhalamba ndi kansalu mpaka inawala, poti ndiyo inali yoti iyende pamaso pa alendo. Mng'ono anatsala pansi. M'mawa wa tsikulo anati aiwala zakumwa za ana, n'kutuluka.

Galimoto isanakhote pakona ine ndinali kale pamasitepe. Ndinazula tenda ya Mng'ono, ndinakwera nayo, ndinachotsa ya Nkhalamba, ndinalowetsa pulagi. Inalowa mosanyinyirika. Koma waya wachisanu uja anatsala akulendewera, wopanda kwawo. Mwana wobadwira ku Indiana akanamusiya, kapena akanamubisa kunsi, ndipo amalume anandiuza pambuyo pake kuti zikanatero sipakanachitika choopsa chilichonse. Koma ine ndinakulira ku Ndirande, kumene tinkapanga magalimoto a mawaya okhala ndi nyali za mababu a tochi ndi mabatire otola kudzala. Kwathu waya salendewera. Waya wolendewera ndi ntchito yosatha. Ndinamusenda ndi mano, ndinasankha kamodzi mwa timiyendo ta pulagi mongolotera, ndinamukulunga pamenepo molimba, n'kumanga ndi kachidutswa ka jumbo ya buledi. Ntchito yaukhondo, ndikuuzeni. Kuyesa sindinayese. Nthabwala ili ngati machesi, siyaka kawiri.

Alendo anabweradi, ochuluka kuposa mipando. Majekete anaunjikidwa pa kabedi kanga mpaka kusowa. Nyumba imene inazolowera kulira kwa firiji inadzaza ndi mawu.

"Odi kuno!"

"Tapakinga pa kapinga, achimwene, mutikhululukire."

"Ife tingokhala pang'ono, andisikejula naiti kuntchito."

Amayi ena anavundukula mapoto n'kufunsa kuti waphika ndani, atamva anawomba m'manja. Ana akafunsidwa kuti ali bwanji ankangoti "good", maso ali pa njanji. Amalume anali atavala tayi ndi chipewa cha anthu a sitima, akuyenda uku ndi uku ndi beseni la mandasi, akuseka mokweza. Ndinali ndisanamvepo kuseka kwawo kwa pagulu. Kunali ngati kulira kwa chitseko chimene chakhala chotseka nthawi yaitali.

Nthawi itakwana anakhazika ana pansi kuzungulira njanji. Anagwada, anadontheza timadzi ta utsi m'chumuni, anagwira chogwirira cha thiransifoma, bokosi lakuda limene limapereka magetsi kunjanji, n'kuchikweza. Nkhalamba inangong'ung'udza ngati njuchi, osasuntha. Sanadabwe. Sitima zimenezi kawirikawiri zimadzukira poima, ndipo kang'oma kaja kamalira choncho. Umangodula magetsi n'kubwezera, basi yanyamuka. Dzanja lawo linali panjira kukachita zimenezo pamene mkulu wa mpingo anakhosomola pang'ono.

"Achimwene, ulendo tiuyamba osapemphera? Ngakhale basi ya pa Wenela timayamba taipempherera."

Anthu anaseka, koma mitu inawerama nthawi yomweyo, poti ife sitiyamba kanthu, kaya ndi msonkhano, kaya ndi mpira, kaya ndi mbale ya mpunga, wamkulu asanapemphere. Amalume anavula chipewa n'kuchigwira ndi manja awiri. Chogwirira chija chinatsala m'mwamba.

Tsopano mvetsani chimene waya wanga ankachita. Anali atalambalala mbali yozungulira ya mota n'kumathira magetsi onse mu koyilo mokha, choncho palibe chinkayenda, zinkangotentha. Koyilo yoteroyo ikhoza kupirira kamphindi. Ikhoza kupirira pemphero la mwana wa Sande sukulu. Koma pemphero la mkulu wa mpingo wa ku Malawi, pa Khirisimasi, anthu atadzaza nyumba, palibe waya wamkuwa padziko lapansi amene angalipirire.

Anayamba ndi kuthokoza kuti tafika bwino pa misewu yoterera. Anapempherera amene anali pa shifiti ndi odwala amene ankawasamalira. Anawoloka nyanja n'kukapempherera mvula, feteleza, chimanga chimene chinali chitangomera. Anabwerera kudzapempherera ana a ku yunivesite ndi mayeso awo. Ine maso anali otsegula, monga mwa masiku onse. Ndinaona kautsi kakutuluka, osati m'chumuni ayi, koma kunsi, pakati pa mawilo, kabuluu, kowonda, kokwera mowongoka ngati ka ndudu. Kenako fungo, osati la mkungudza, koma la simbi yoiwalidwa pa malaya a nayiloni. Kamtsikana kena kamene kanakhala moyang'anizana nane kanatsegula diso limodzi n'kundinong'oneza m'Chingerezi ngati sitimayo imayenera kutero. Ndinagwedeza mutu kuti eya.

Chingwe cha thiransifoma chinali pafupi ndi phazi langa. Ndikanangochikoka. Anthu amandifunsa chifukwa chake sindinatero, ndipo mayankho ndili nawo awiri. Loyamba, ndinaleredwa bwino: mwana sasuntha wamkulu akupemphera. Lachiwiri, ndinkafuna kuona mathero ake. Sankhani limene lakusangalatsani.

Koma pali chimodzi chimene ndinaona, chimene chimandibwerera ndikamakula. Mphuno ya amalume inagwedera. Munthu amene amakhala ndi timainjini timeneti madzulo aliwonse sangasokoneze fungo la koyilo ikupsa. Zikope zawo zinayamba kutseguka, dzanja lamanja linasiya chipewa. Ndipo pomwepo mkulu uja anafika pa iwo.

"Atate, musaiwale mwini nyumba ino. Kumbukirani mlamu wathu ku Balaka, ndi kamwana kamene kakukula kakungomva mawu a bambo ake pafoni. Fewetsani mitima m'maofesi mmene muli mapepala awo."

Amayi angapo anati, "Eya, Ambuye." Amalume anatsinzinanso, mwamphamvu, nkhope yonse itakwinyika, ndipo dzanja lija linabwerera pa chipewa. Mkuluyo anakhalitsa pamenepo. Anawatchula mayina, onse awiri, m'nyumba yodzaza ndi anthu, ndipo amalume sanasunthe ngakhale chala. Ine panthawiyo ndinangoti mumtima: koma amdala awa mphuno yawo ndi yakufa.

Amene anatseka pempherolo anali alamu ya utsi ya kudenga. Inakuwa ngati nkhumba ikuphedwa. Mkulu wa mpingo analumpha kuchoka ku Balaka kufika pa ameni ndi mpweya umodzi. Wina anagwetsa beseni la mandasi, wina anakupiza alamuyo ndi chitenje, abambo awiri analimbana ndi zenera logwidwa ndi chisanu. Nkhalamba inali chilili pakati pa zonsezo, ikufuka ngati mbaula ya makala onyowa, penti wa pamsana pake akutuluka matuza. Ana anadumphadumpha akukuwa ndi chimwemwe, pokhulupirira kuti pulogalamu yake inali imeneyo. Ine ndinagwera kuseri kwa sofa, misozi ili mbwee, nthiti zikupweteka. Ndachita zambiri pa moyo wanga, koma imeneyo ndi imene ndingaipachike pakhoma.

Kenako kuzizira kunalowa. Mazenera ndi zitseko zonse zinali zotsegula, ndipo mphepo ya Disembala inadutsa m'nyumba ngati mwini wake. Khanda lina linayamba kutsokomola, mayi ake anati lili ndi mphumu, anapita kukafukula majekete. Wa naiti uja anayang'ana wotchi. Mukudziwa mmene timabalalikira: mmodzi akaimirira, onse amakumbukira kuti kwawo n'kutali.

"Tidzabweranso, achimwene, zinali bwino kwambiri."

"Mawaya a nyumba zakalezi, muwauze alandilodi."

Amalume anaima pakhomo, tayi ili m'khosi, akuthokoza aliyense ndi manja awiri. Dzuwa lisanalowe pa kapinga panatsala mizere ya matayala yokha. Mpunga unali usanafike n'komwe pakati pa poto. Ndipo kuti ndisakusiyeni m'malere, sanabwerenso. Osati chifukwa cha nkhanza, ayi. Anthu anali ndi mashifiti, ndipo amalume sanaitanenso.

Anatseka mazenera, anakhala pansi pa kapeti, ananyamula Nkhalamba ndi kansalu poti inali ikadali yotentha. Anaitembenuza. Anamasula kajumbo ka buledi pang'onopang'ono, n'kuyang'anitsitsa waya uja pafupi ndi nyali za mtengo.

"Tabwera kuno. Tatsegula pakamwa."

Ndinatsegula.

"Mano ake ndi omwewa," anatero.

"Munati imasokonezeka mutu, malume. Simunati imapsa."

Ndinayembekezera lamba. Iwo anangokhala, injini ili pamiyendo ngati mwana wodwala, nthawi yaitali moti ndinayamba kutola mandasi pansi popanda wondituma.

Amayi atamva pafoni, mawu awo ankamveka mpaka kukhitchini. Anati abwera mawa lomwe, anati kumudzi kuli sukulu yogonera komweko imene imawongola anthu ngati ine, anati achimwene mundikhululukire ndinakubweretserani mliri. Amalume anawasiya mpaka mpweya unawathera.

"Ayi, achemwali. Wawononga kuno, akonzanso kuno. Sachoka m'nyumba muno mpaka sitimayi itayenda. Ndipo mpunga wonsewu adya iyeyu."

Chilango chinali chimenecho. Ndinayesetsa kuoneka wachisoni.

Tinapita kwa mzungu wina wokalamba wa kashopu ka sitima zakale, kum'mawa kwa tauni. Anatsegula Nkhalamba, ananunkhiza, anatisonyeza koyilo yakuda bii ngati chimanga choiwalidwa pamoto. Anati yatsopano kulibe, opanga ake anasiya kalekale, koma akhoza kuitanitsa yochotsedwa mu injini ina yakufa ya mtundu womwewo, idzabwera pa positi. Ataona waya wolumidwa uja anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kundigwira chanza. Amalume sanaseke, koma pobwerera anandigulira tchipisi.

Masiku otsatirawo ndinadya mpunga ndi nkhuku m'mawa, masana ndi madzulo, mpaka ndinayamba kuopa kuti ndimera nthenga. Amalume anatenga tchuthi chimene ankachisunga, akuti andiyang'anire ndisawotche china. Tinabwezera njanji ku besimenti. Anandipatsa thonje ndi sipiriti kuti nditsuke mawilo, limodzilimodzi, a mabogi onse, ngakhale amene sanakhudzidwe ndi utsi. Anandiphunzitsa kusenda waya ndi chida osati mano, ndi kuwotcherera ndi mtovu kuti mfundo izituluka yosalala ngati dontho la madzi. Ndikapsa chala ankati ndi msonkho. Manja akamagwira ntchito pakamwa pawo pankamasuka: za sitima ya ku Nayuchi, za amayi ogulitsa nzimbe pazenera pa Balaka, za agogo anga akuthamanga ndi mbendera mvula ikugwa, za amayi anga amene, ndinamva tsiku limenelo, anaikapo chule m'chikwama cha aphunzitsi. Lamlungu anakanda kakhadi koimbira kunja n'kundipatsa foni kuti ndilankhule ndi msuweni wanga. Anandifunsa ngati sitima ya adadi ake imakweza anthu. Ndinati eya, koma owonda okhaokha, asiye kudya. Anaseka, khadi linatha.

Kaphukusi kanafika chaka chisanathe. Ndinakalandira ndekha kwa wa positi, kabokosi kopepuka ngati mulibe kanthu, ndipo ndinathamanga nako. Amalume anakagwedeza pafupi ndi khutu, anawerenga adiresi, n'kukaika pamwamba pa firiji.

"Lero kwada."

Mawa lake anati tiyambe tamaliza mawilo. Tsiku linalo anati msana. Kenako anati chida chowotcherera chikufuna nsonga yatsopano, ndipo tinazungulira tauni yonse kuifuna, n'kubwerako ndi nsongayo komanso ayisikilimu, sinowo ikugwa. Kenako anati munthu sayamba ntchito yaikulu pa Nyuwere. Amayi akaimba ankangowayankha kuti, "Ntchito ikadalipo, achemwali." Ine ndikamadutsa pa firiji ndinkagogoda kabokosiko.

"Malume, kamera mizu aka."

Ankangoti mmm.

Anakatsitsa Loweruka lomaliza sukulu isanatsegulire. Kuchotsa koyilo yakupsa, kuika inayo, iwo akugwira mawaya ine ndikuwotcherera, kulumikiza tenda yake yeniyeni: tiyi amene tinathira poyamba anali asanazizire n'komwe. Anati chogwirira ndikweze ndine. Nkhalamba inang'ung'udza, ndinadula n'kubwezera, ndipo inanyamuka kutsogolo ndi chipsera chake pamsana, puu puu puu, kuzungulira tebulo. Oonerera tinali awiri, pa mipando yopinda ya kutchalitchi imene tinali tisanabweze. Ndinawomba m'manja. Amalume anaitsatira ndi maso ngati munthu amene waperekeza basi.

Amayi anabwera mawa lake. M'galimoto, tisanatuluke n'komwe mu Lawrence, ndinayamba kudzitama. Ndinawauza kuti chilango choterocho ndikhoza kuchilandira chaka chilichonse: nkhuku, ayisikilimu, luso laulere, lamba osamuona. Ndinawafunsa za chule. Mlomo wawo unagwedera. Ndiye ndinawonjeza yomaliza kuti aseke basi.

"Koma achimwene anu ndi aulesi, amayi. Ntchito ya kapu imodzi ya tiyi! Kabokosi kanafika kalekale, kanangokhala pa firiji. Tsiku lililonse chifukwa chatsopano, msana, Nyuwere, kwada. Akanakhala munthu wachangu, bwenzi nditabwerera ku South Bend kale."

Amayi anachepetsa liwiro ngakhale kutsogolo kunalibe galimoto. Anayang'ana pa galasi loonera kumbuyo nthawi yaitali, kumene kunalibe choona koma msewu ndi sinowo. Kenako anakhotera pamalo omwetsera mafuta, thanki ili yodzaza, anatenga foni n'kutuluka nayo panja pozizira, osavala jekete. Kudzera pazenera ndinawamva akuti, "Achimwene, mwadya?"

Ndinaseka ndekha m'galimoto. Munthu tamusiya pompano, wamkulu ndi ndevu zake, kuphika amadziwa, ndiye funso lake n'limenelo? Ndinawerama n'kuliza hutala kawiri kuti afulumire.